Mfuti imodzi yoyenera gwape ndi njati yomwe

Funso la mfuti imodzi yoti munthu asakire nyama zonse zikuluzikulu silikalamba. Limabuka pa bawo ku Chinamwali, limabuka pakati pa asilikali ndi apolisi opuma amene ali mbwee m'tauni ino ya Zomba, ndipo mwezi wathawu landipezanso pa WhatsApp kuchokera kwa mwana wa mlongo wanga amene wayamba ntchito pa kampu ya alenje kutsidya kwa malire. "Amalume, ndikadzapeza ndalama ya mfuti imodzi yokha, ndidzagule iti?" Ofunsa onsewa amafuna nambala ya kukula kwa chipolopolo, kaya .308 kaya .375, nkhani ithere pomwepo. Nambalayo ndili nayo ndipo ndiitchula. Koma chimene chimandisankhitsa ndi nyama imene yalasidwa osafa, yalowa m'tchire ikukoka mwendo, pakuti mfuti yolakwika imadziwikira pamenepo.

Tichotse kaye chimene chingamugonetse munthu kundende yaikulu ya muno mu Zomba. Ku Liwonde, Majete, Lengwe, Kasungu, Nkhotakota kapena ku Nyika salowako ndi mfuti kukasaka. Lamulo la nyama zakutchire, National Parks and Wildlife Act, analikhwimitsa mu 2017, ndipo wopha njovu kapena chipembere akhoza kukagwira ukaidi mpaka zaka 30. Kusunga mfuti kokhako kumafuna chiphaso cha apolisi. Mvuu ikamatha mpunga m'dimba, kapena ng'ona ikamagwira anthu padooko, amene amabwera ndi mfuti ndi a dipatimenti yoona za nyama zakutchire. Njovu zikachuluka kuno timazikweza malole: mu 2016 ndi 2017 pafupifupi 500 zinachoka ku Liwonde ndi ku Majete kupita ku Nkhotakota, ndipo mu 2022 zina 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu. Ndiye zimene ndikulemba pano ndi za kumene ulenje wa nyama zazikulu uli wololedwa ndi chiphaso: madera ozungulira mapaki a m'chigwa cha Luangwa ku Zambia, madera osakirako a ku Mozambique otchedwa coutada, Zimbabwe, Tanzania, ndi mafamu a ku South Africa ndi Namibia.

Ine si PH, kutanthauza mlenje wa chiphaso amene amatsogolera alendo. Ndinagwira ntchito zaka zingapo pa kampu ina ku Luangwa, poyamba ndili dalaivala, kenako n'kumanyamula madzi ndi ndodo zowomberapo kumbuyo kwa otsata mapazi. Wonyamula ndodo amaima pafupi ndi khutu la wowombera. Amaona chala, amaona diso, amaona phewa. Zambiri zimene ndikudziwa za mfuti ndinazionera pamenepo.

Vuto la funsoli lili pa kusiyana kwa nyamazo. Gwape amalemera makilogalamu 20 kapena kucheperapo. Nswala yamphongo ili cha m'ma 60. Ngoma yamphongo imadutsa 200, mphalapala nayo ili chomwecho. Njati yamphongo yokhwima imafika 700, nchefu imatha kuposa pamenepo, mvuu ndi tani ndi theka. Chipolopolo choti chithyole phewa la njati n'kukafika kumtima n'chosiyana ndi choti chigwetse gwape nyama yake n'kutsalako yodya. Mfuti ya nyama zonse ili ngati chikwanje: podula mtengo chimachepera nkhwangwa, posenda mbatata chimachepera mpeni, koma munthu wopita kumunda ndi chida chimodzi amanyamula chomwecho. Funso n'lakuti mukulolera kuchepekedwa mbali iti. Mfuti ikakulira gwape, mwataya mwendo umodzi wa nyama. Ikachepera njati, wina akhoza kutaya moyo, ndipo kawirikawiri wotayayo sakhala mwini mfuti.

Mfundo imeneyi anthu a kuno tiyenera kuimvetsa msanga kuposa alendo ochokera ku Texas, chifukwa tinakulira pafupi ndi gogodera. Agogo anga aamuna anali nayo yawo: paipi yachitsulo yomangidwa pa mtengo wosema, onga wothira cha kukamwa, sanza zotsinira, kenako zidutswa za chitsulo chodula ndi sowo. Ikalira mudzi wonse unkadziwa, utsi uli tolotolo, ndipo nguluwe nthawi zina inkagwa, nthawi zina inkapita ndi chitsulocho m'thupi. Pa kampu paja osenda zikopa anali ndi chitini chawo chosungiramo zimene ankapeza m'nyama: zidutswa za gogodera zokutidwa ndi mnofu wolimba, waya wa khwekhwe wolowa mpaka pafupa, ndi tizipolopolo ta AK-47, mfuti zimene zinamwazika m'chigawo chino pa nkhondo ya ku Mozambique imene inatha mu 1992. Njati yoyenda ndi chilonda chonyeka siyenda ndi anzake. Imabisala m'bango pafupi ndi madzi, ndipo amene amakumana nayo ndi mayi wokatunga madzi kapena mnyamata woweta mbuzi. Wolasayo ali kwawo, wagona tulo.

Kutsata njati yolasidwa ndi ntchito imene sindimufunira munthu. Wotsata mapazi amatola tsamba la magazi n'kuliyang'anitsitsa. Akakhala ofiira owala, a thovu, nkhope yake imamasuka: ndi a m'mapapo, nyamayo sipita patali, ndipo mwina posachedwa timva kubuula kumene njati imabuula ikamatsirizika. Akakhala akuda bii, ndi a pachiwindi, tidikire. Koma akakhala amadzimadzi osakanikira ndi zobiriwira za m'mimba, aliyense amakhala chete, ndudu zimazimitsidwa, PH amatsegula bolt, chitsulo cholowetsa ndi kutulutsa chipolopolo, n'kuonanso chipolopolo chimene analowetsa yekha mphindi zochepa zapitazo. Njati yotere imalowa m'zitsamba zowirira n'kutembenuka kuyang'ana kumene yachokera. Mumayenda phazi limodzi, kuima, kugwada kusuzumira pansi pa nthambi, kufuna kuona khutu kapena bondo lakuda pamtunda wa mamita 15. Mkulu wina wotsata mapazi anandinong'oneza tsiku lina tili pakati pa zoterezi kuti, "Achimwene, botolo la madzilo likulira, lisiyeni pansi." Madzi okhuchumuka m'botolo ankamveka ngati ng'oma.

Tsono tiyeni ku manambala.

Muno mu Zomba nambala yoyamba kutchulidwa ndi .303, ndipo n'zomveka. Asilikali a King's African Rifles, amene chipilala chawo chili pafupi ndi Cobbe Barracks, ankanyamula Lee-Enfield ya .303, chipolopolo chimene Britain inayamba kugwiritsa ntchito mu 1888. Akuluakulu amaikamba ngati m'bale wawo. Yapha nyama zosawerengeka mu Africa muno, njovu zomwe, pa chifukwa chimodzi chokha: ndi imene inalipo. Ya nswala, njiri ndi mbawala ndi yokwana mpaka lero ngati paipi yake isanadyeke, ngakhale zambiri zimene zatsala zinatha m'kati ndi dzimbiri ndi ukalamba. Ya njati ayi.

Okonda timfuti ting'onoting'ono amathamangira kutchula W.D.M. Bell wa ku Scotland, amene kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 anapha njovu zoposa 1,000, zambiri mwa izo ndi 7x57 Mauser, kachipolopolo kochepera .303 yomwe. Zimenezo zinachitikadi. Koma Bell ankang'amba zigaza za njovu kuti adziwe pamene pali ubongo kuchokera mbali iliyonse, ankawombera pafupi kwambiri, njovu za nthawiyo zinali zisanaope mfuti, ndipo kuwombera inali ntchito yake ya tsiku ndi tsiku. Munthu wogwira mfuti kawiri pachaka akamadziyerekeza ndi Bell amangowonjezera zoponya m'chitini cha osenda zikopa chija.

Pakatikati pali abale awiri ochokera ku America. Wamkulu ndi .30-06 Springfield ya 1906, wamng'ono ndi .308 Winchester ya 1952, imene ili pafupifupi yofanana ndi 7.62x51 ya asilikali a NATO. Zipolopolo zawo n'zofanana m'mimba mwake, mamilimita 7.8. Kulemera kwa chipolopolo amayeza ndi ma grain, ndipo 180 grain ndi magalamu osakwana 12. Mu .30-06 chipolopolo chimenechi chimatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 820 pa sekondi, mu .308 chimatsalira pang'ono, kusiyana kumene nswala sikuzindikira. Ubwino wa .30-06 ndi wakuti imanyamula bwino zipolopolo zolemera, 200 ndi 220 grain, zimene zimathandiza pa nchefu ndi mbidzi. Ubwino wa .308 ndi wakuti mfuti yake imakhala yofupikirapo, yopepukirapo, simenya phewa kwambiri, ndipo zipolopolo zake zimapezeka paliponse. Mkangano wa awiriwa watha mowa wambiri pachabe. Ngati mndandanda wanu ukuthera pa ngoma, mphalapala, nakodzwe ndi mbidzi, tengani imene yakukhalani bwino paphewa, mwamaliza. Ndinaona ngoma zambiri zikugwa ndi .308 m'manja mwa munthu wodekha kuposa ndi mfuti ina iliyonse.

Koma mukangotchula njati, nkhani yasintha, ndipo lamulo lomwe limalowererapo. Ku Tanzania nyama zoopsa saloleza kusaka ndi mfuti yochepera .375. Ku Zimbabwe njovu, njati ndi mvuu zimafuna chipolopolo chosachepera mamilimita 9.2 ndi mphamvu ya ma joule 5,300 potuluka. .30-06 imapereka cha m'ma 3,900. Yatsala panja.

Apa ndi pamene imalowera .375 H&H Magnum, imene kampani ya Holland & Holland ya ku London inatulutsa mu 1912. Chipolopolo chake n'cha mamilimita 9.5. Cha 300 grain, magalamu 19 ndi pang'ono, chimatuluka pa mamita pafupifupi 770 pa sekondi ndi mphamvu ya ma joule cha m'ma 5,800. Manambalawo pawokha si odabwitsa, zilipo mfuti zoposa pamenepo. Chimene chaisunga zaka zoposa 100 ndi makhalidwe ena atatu kapena anayi amene sapezeka pamodzi kawirikawiri. Cha 270 grain chimauluka mofanana ndithu ndi 180 grain ya .30-06, ndiye ngoma yoima pa mamita 200 kutsidya kwa dambo ili m'manja mwanu. M'mfuti zambiri za .375, zipolopolo zolemera mosiyana zimagwera malo oyandikana pa mamita 100, kotero simusintha scope, galasi lolozera la pamwamba pa mfuti, mukasintha chipolopolo. Chigoba chake n'chachitali, chopita chisongoka pang'onopang'ono, ndiye chimalowa ndi kutuluka mosakakamira ngakhale m'kutentha kwa Okutobala m'chigwa, pamene chitsulo cha galimoto sichigwirika. Ndipo chodabwitsa anthu ambiri n'chakuti pa tinyama ting'onoting'ono siwononga nyama: mukaika solid, chipolopolo chosafutukuka, imangoboola gwape kabowo kolowera ndi kotulukira, pamene kachipolopolo kothamanga kwambiri ka mfuti yaing'ono kamasandutsa phewa lonse phala la magazi. John Taylor, mlenje wa minyanga amene anakhala zaka zambiri m'chigwa cha Zambezi cha ku Tete, anaitamanda .375 kuti ndiyo mfuti ya ntchito zonse, ndipo ma PH ambiri mpaka lero amauza mlendo wobwera koyamba kuti abwere nayo imeneyo.

Ili ndi mnzake amene ine ndimamukonda mwakachetechete, 9.3x62, imene Otto Bock anapanga ku Berlin mu 1905 poganizira alimi achijeremani a m'maiko a mu Africa. Imaponya 286 grain pa mamita pafupifupi 720 pa sekondi, imakwana mu mfuti ya msinkhu wa .30-06, ndipo imamenya phewa mwaulemu kuposa .375. Njati zambiri zagwa nayo. Chovuta chake n'chakuti mphamvu yake ili pamalire penipeni a malamulo aja, ndipo kumene lamulo likunena .375 siiloledwa. Munthu wa mfuti imodzi sangakhale wokakambirana ndi ofesala pa chipata chilichonse.

Zazikulu kuposa apa, .416 Rigby ya 1911 ndi .458 Winchester Magnum ya 1956, ndi zida za PH, zoimitsira nyama imene ikubwera. Zamapaipi awiri ngati .470 Nitro Express n'zokongola, mtengo wake ndi wa nyumba ya ku Mulunguzi, ndipo kupitirira mamita 100 zilibe nazo ntchito. Tizisiye.

Ndiye .375 yapambana? Dikirani, pali phewa.

Mfuti ya .375 yolemera makilogalamu anayi ndi theka imamenya pafupifupi kawiri kuposa .30-06. Kumenyako sikuthyola fupa. Chimene kumathyola ndi kudekha. Thupi likamenyedwa kangapo limaphunzira kudziteteza lokha: diso limatsinzina, phewa limakankhira kutsogolo, chala chimakoka trigger mwankhanza, zonsezi kachigawo ka sekondi mfuti isanalire. Mwini wake sadziwa, chifukwa kulira kwa mfuti kumabisa zonse.

Mlendo aliyense akafika pa kampu, tsiku loyamba ankapita naye kumchenga wa mumtsinje wouma kukayesa mfuti pa katoni ya mamita 100. Kunabwera bambo wina wamkulu thupi, wa ndevu, ndi .416 yatsopano yonyezimira. Choyamba chinagwa m'munsi kumanzere, chachiwiri chinaphonya katoni yonse n'kufumbula mchenga. Iye akuti scope yasokonekera m'ndege. PH sanatsutse. Anati, "Bweretsani ndikuikireni chipolopolo, inu muziyang'ana katoniyo." Anatembenuka, n'kutseka bolt pa mfuti yopanda kanthu, n'kumupatsa. Bamboyo anaika mfuti pa ndodo zimene ine ndinagwira, anapuma, n'kukoka. Kunangomveka kuti "tche", koma paipi inagwadira pansi ngati wina waikankha, maso onse awiri ali tsinzinu, mano ali gwa. Otsata mapazi anayang'ana kumbali kubisa kuseka. Masana ake anamubwereka .375 yakale ya pa kampu, ya mtengo wokalikakalika, n'kuyamba naye pa mamita 50. Njati yake anaipha ndi imeneyo, ndi chipolopolo chimodzi cha paphewa ndi china chotsirizira.

Nkhani yomweyo imachitikanso pakati pa .375 ndi .308. Alipo anthu amene .375 ndi yowakulira, ndipo si nkhani ya thupi: ndinaona mayi wochepa thupi akuiwombera ngati akusoka, ndi chimphona chikuiopa. Mtima wa nyama za kuno uli kutsogolo ndiponso m'munsi, pakati pa mapewa. Mumakwera ndi mwendo wakutsogolo mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu a thupi kuchokera pansi, n'kuwombera pamenepo. Pa njati malo akupha ndi aakulu ngati mbale ya nsima, ndipo amene sangaike zipolopolo zitatu motsatizana m'mbale yotere pa mamita 80, ataimirira, mfuti ili pa ndodo, mtima ukugunda atayenda maola anayi padzuwa, sanakonzeke, kaya mfuti yake ndi yanji. .375 ya m'mimba ndi yoipa kuposa .308 ya pamtima. Mankhwala ake alipo: zotseka m'makutu nthawi zonse poyeserera, chifukwa theka la mantha limachokera ku phokoso, mfuti yolemera bwino, osati yopepuka, labala wabwino kumbuyo, kuyeserera mfuti yopanda chipolopolo, ndi kuwombera kwambiri ka.22 kuti chala chizolowere ulemu. Yaikuluyo muziwombera pang'onopang'ono, zitatu kapena zisanu patsiku, mutaimirira, osati mutakhala pa tebulo pamene kumenya konse kumathera pafupa.

Chimene anthu a pa bawo sachikamba n'komwe ndi chipolopolo chenichenicho, chonsecho ndicho chokha chimene chimakafika pa nyama. Zilipo mitundu iwiri. Soft imafutukuka ikalowa, n'kukhala ngati bowa, kuti iwononge mapapo ndi mtima. Solid sifutukuka, ntchito yake ndi kuboola molunjika, kudutsa chikopa, mnofu ndi mafupa. Soft yotchipa, ya mtovu wofewa m'kachikopa kopyapyala, imaphwanyika ikagunda fupa la phewa la njati, n'kusiya chilonda chachikulu chosazama, mtundu weniweni wa chilonda chimene chimapanga njati ya m'bango ija. John Nosler wa ku America anakumana ndi zoterezi pa moose, nyama yaikulu ya ku Canada, ndipo mu 1948 anayamba kugulitsa Partition, chipolopolo chokhala ndi khoma pakati: kutsogolo kumafutukuka, kumbuyo kumatsala kwathunthu n'kumakankhabe. Lero zilipo zambiri zolimba chotero, Swift A-Frame, ndi Barnes TSX imene ndi ya kopa yokhayokha. Zinasintha zinthu kwambiri moti .30-06 ya lero ndi chipolopolo chabwino imachita zimene kale zinkafuna mfuti yokulirapo. Pa njati ma PH ambiri amafuna soft yolimba ikhale yoyamba, ma solid akhale pansi mu magazine, mosungira zipolopolo m'mfuti, chifukwa kuwombera kwachiwiri kumakhala pa nyama yothawa, chipolopolo chiyenera kuyenda thupi lonse kuchokera kumbuyo. Njovu ndi solid basi. Paulendo wa ndalama zambirimbiri, kuumira pa bokosi la zipolopolo ndi umbuli.

Za mfuti yeniyeniyo ndinena mwachidule, kupatula chinthu chimodzi. Ikhale ya bolt. Za otomatiki m'maiko ambiriwa n'zoletsedwa posaka. Chinthu chimodzicho ndi chikhadabo. Tsegulani bolt ya Mauser 98, imene Paul Mauser anapanga mu 1898, muona chitsulo chachitali chophwatalala m'mbali mwake, chothera ndi chikhadabo chachikulu kutsogolo. Chipolopolo chikangodzuka mu magazine chimalowa pansi pa chikhadabocho, ndipo chimagwiridwa mpaka chitalowa, chitalira, chigoba chitatayidwa kunja. Mfuti ikhale chozondoka, munthu akuthamanga kapena wagwa chagada, sichigwa. Ndipo munthu wamantha akakankha bolt theka n'kubwezanso, chimatuluka, m'malo moti ziwiri zipanikizane pakhomo. Winchester Model 70, makamaka zakale za 1964 isanafike ndi zatsopano zimene anabwezeretsa chikhadabo, ndi Brno ZKK 602 ndi CZ 550 za ku Czech, zonse zinatengera pamenepo. Brno ndi imene inadzaza makampu a m'chigawo chino: yolemera, yosakongola, yonyamula zipolopolo zisanu za .375 mu magazine, yosamva fumbi. Mfuti zopanda chikhadabo chotere, ngati Remington 700 kapena Tikka, zimalasa bwino zedi ndipo pa ngoma palibe chodandaula. Pa njati ine ndimafuna chikhadabo.

Scope ikhale yochepa mphamvu, yokuza ka 1.5 mpaka 6 kapena ka 1 mpaka 4, yoti mukaitsitsa muone nyama yonse pa mamita 10. Alendo ambiri ankabwera ndi zazikulu zokuza kakhumi ndi kawiri, n'kumangoona ubweya wakuda osadziwa kuti ndi phewa kapena thako. Ikhale patali ndi diso, apo ayi .375 idzakudindani chipsera cha mwezi pachikope chimene ma PH amachizindikira ali patali. Zomangira zake zikhale zochotseka msanga, ndipo zoonera zachitsulo za pa paipi zikhalepo, zoyesedwa. Ndalama ya scope ndi zomangira isachepe kwambiri poyerekeza ndi ya mfuti.

Kenaka pali kupezeka kwa zipolopolo. Makampani amatulutsa ma calibre, kapena kuti makulidwe a zipolopolo, atsopano chaka ndi chaka, ena abwino ndithu, monga .375 Ruger ya 2007 imene imachita zonse za H&H mu mfuti yofupikirapo. Koma ndege zimaloleza makilogalamu asanu okha a zipolopolo, ndipo chikwama chikasochera pa bwalo la ndege la Johannesburg mudzafuna zimene zili m'sitolo ya ku Lusaka kapena ku Harare, kapena m'kabati ya PH. M'menemo mudzapezamo .375 H&H, .30-06 ndi .308. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kwa ife a kuno, kumene ogulitsa mfuti ndi owerengeka ndipo chilichonse chochokera kunja chimafuna zilolezo ndi ndalama zakunja, mfundo imeneyi ndi yolemera kawiri.

Mphwanga uja ndinamuyankha chonchi. Iye ali pa kampu imene njati ndi mvuu ndi ntchito ya mlungu uliwonse, ndipo tsiku lina adzayenera kulowa m'zitsamba kumbuyo kwa nyama imene walasa ndi wina. Agule .375 H&H ya chikhadabo, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito bola paipi ili bwino, scope yaing'ono, 300 grain yolimba mtundu umodzi ndi solid yogwera malo omwewo, asamasinthesinthe. Anandifunsa ngati sikungakhale bwino kuyamba ndi .308 n'kudzagula inayo pambuyo. Kwa munthu wa ndalama, mfuti ziwirizo pamodzi ndiye yankho labwino koposa, palibe angatsutse. Koma iye anati imodzi. Kwa mnzanga wina wa ku Matawale, mphunzitsi wopuma amene mwana wake wa ku Polokwane amamutengera ku famu kukasaka nswala ndi njiri za nyama yodya, yankho ndi lina: .308, ndipo asamvere aliyense womuuza kuti ndi ya ana. Njati sadzaisaka, ndiye palibe chifukwa chovutitsira phewa la zaka 65.

Amene ali ndi mfuti ya chiphaso muno mu Zomba, kaya ndi ya mbalame kaya ya kumunda, ali ndi mdani amene ku Luangwa kulibe: chinyezi. Kuyambira Disembala mpaka Malichi, komanso m'masiku a chiperoni pamene nkhungu imatsika m'phiri n'kukuta Chawe yonse, chitsulo chimachita dzimbiri m'masiku ochepa, makamaka pamene pagwira chala cha thukuta. Mfuti yosungidwa m'chikwama chake cha nsalu kapena cha siponji ndi imene imayamba kuwonongeka, chifukwa siponjiyo imamwa chinyezi n'kuchisunga. Mtengo nawo umafufuma n'kukankha paipi, moti mfuti imene inkalasa pakati mu Seputembala ikhoza kulasa pambali mu Febuluwale. N'chifukwa chake kwa nyengo ya kuno ndimakonda ya pulasitiki yolimba kapena ya matabwa omata, ngakhale siikoma m'maso. Pukutani ndi kansalu ka mafuta mukangoigwira, pititsani kansalu kouma m'paipi musanawombere kuti mafuta asatsalemo, ndipo muiike choimirira mu sefa yachitsulo yokhoma, bolt ndi zipolopolo zili kwina kumene ana ndi adzukulu sakudziwa.